Bokosi Lofuna Anthu Awiri

Ntchito ya ku Marlboro ndinaipeza chifukwa cha ngolo yokankha ya mayi wina wogulitsa tomato ku Zandspruit. Ndinafika ku Joni mu 2011, nditasiya mkazi wanga ali woyembekezera kwathu ku Balaka, ndipo zaka zoyambirira ndinadya za maganyu: lero kukumba ngalande, mawa kupenta mpanda, mkuja kungoima m'mbali mwa msewu ku Honeydew kudikira baki, galimoto yonyamula katundu, yoti iime n'kutitenga. Luso langa lenileni linali kuwotcherera. Ndinaphunzira kwa amalume ku Limbe, kupanga mafelemu a zitseko ndi mabagila a m'mawindo, koma ku Joni kunalibe wondidziwa.

Ngolo ya mayi uja inathyoka pamene pamagwira tayala. Ndinabwereka makina owotcherera n'kuilumikiza. Lamlungu lotsatira ndinapeza mkulu wina wa imvi atanyonyomala pafupi ndi ngoloyo, akuyendetsa chala chachikulu pamsoko umene ndinawotcherera.

"Wasoka apa ndani?"

"Ndine, abambo."

"Ovololo uli nayo?"

"Ndilibe."

"Ubwereke. Mawa m'mamawa undipeze pokwerera matekisi."

Amenewo anali abambo Mbewe. Anabadwira ku Zimbabwe, pamgodi pamene bambo awo anakagwira ntchito kuchokera ku Dedza, ndipo ku Malawi anali asanapondeko. Chichewa chawo chinali chachikale chosakaniza ndi Chishona, ndipo akapsa mtima ankakalipa m'Chifanakalo, chilankhulo cha m'migodi.

Mwini wekishopu imene ananditengerako anali mzungu wachibunu, dzina lake Deon, munthu wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuiwala kuti anapsa mtima. Antchito tinali awiri basi, abambo Mbewe ndi ine. Ntchito yotidyetsa inali kukonza ngolo zokoka ndi galimoto ndi kuika mathoba. Thoba ndi chitsulo chija chimatuluka kumbuyo kwa galimoto, chokolekapo ngolo. Koma mtima wa Deon sunali pa ngolo. Unali pa chinthu chimene ankachilota kuyambira kalekale, chimene ife tinkangoti bokosi.

Bokosilo linali lopanda matayala. Linkayenera kukwera pathoba n'kumalendewera kumbuyo kwa galimoto. Munthu akafika kutchire, mbali yakumbuyo igwe pansi isanduke bedi, miyendo itsike, chinsalu chidzuke chisanduke tenti, ndipo m'mbali mutuluke kabati ya mbaula ya gasi ndi mapoto. Tsiku limene anandifotokozera ndinaseka mpaka kukhala pansi. Ife tikugona m'mikuku ya malata odontha, tikulota nyumba ya njerwa, wina ali ndi chinyumba chake ku Sandton akufuna kukagona m'bokosi kutchire, udzudzu ukumudya, ndiponso alipire.

"Seka lero," anatero abambo Mbewe. "Misala ya olemera ndi imene imatidyetsa, mfana wami."

Deon sankajambula papepala. Ankajambula ndi choko pasimenti, ife n'kudula makatoni akale, kuwamata ndi tepi mpaka atafanana ndi zimene zinali m'mutu mwake. Katoni ikamukhutiritsa, ndiye tinkatenga sikweya chubu, mapaipi achitsulo a makona anayi aja, kuyeza, kudula ndi gilayinda, kumanga ndi makilampu, n'kugwiriza ndi timadontho tokha. Kuwotcherera msoko wonse kunali koletsedwa mpaka iye atanena, chifukwa ankadziwa kuti mawa asintha maganizo. Ndipo ankasinthadi.

Chinthu choyamba chimene chinandivuta chinali kulemera. Ku Limbe kasitomala amanyamula chitseko, akamva kuti n'cholemera amati ichi ndiye chenicheni. Pathoba n'zosiyana. Thoba iliyonse ili ndi malire ake olembedwa pakachitsulo, ndipo katundu akatalikira kumbuyo amalemera kuposa mmene alili. Aliyense amene anamangapo thumba la makala kumapeto kwa kaliyala ya njinga amadziwa mmene tayala lakutsogolo limanyamukira. Choncho kachidutswa kalikonse kankayamba kakwera pasikelo. Ndikapanga cholimba monga ndinazolowera, Deon ankachinyamula, kupukusa mutu, n'kuchiponya pamulu.

"Sindikufuna ndende. Ndikufuna chinthu choyenda."

Mavuto ankabwera motsatizana. Titalikweza koyamba, bokosi linaphimba magetsi akumbuyo ndi nambala ya galimoto, ndiye tinaliikira magetsi akeake ndi waya wolumikiza. Kenako tinapeza kuti chitseko chakumbuyo kwa galimoto sichikutseguka, ndiye tinapanga mkono woti bokosi lizitembenukira kumbali. Mkonowo unawonjezera kulemera, ndiye tinadula kwina. Utsi wa ekizosi unasungunula chinsalu pakona, tinaikapo lata lotchinga. Potsika pachipata bokosi linakhula pansi, tinalikweza. Litakwera linayamba kugwedera pathoba n'kumalira msewu wonse, tinaboola n'kuika bawuti yofinya. Ukatseka dzenje ili, lina likutseguka uko.

Kutopa kwa nthawi imeneyo sindikuiwala. Kuchoka ku Zandspruit kufika ku Marlboro ndi matekisi awiri, ndipo mizere yake imakutopetsa usanagwire n'komwe chitsulo. Magetsi ankazima pakati pa msoko, tikhala pamatayala akale kudikira, akayaka Deon akufuna kuti tibweze nthawi imene yatayika. Madzulo maso ankawawa ngati mwalowa mchenga, manja onse mabala a timoto ta gilayinda. Bokosi limenelo ndinalidula n'kulisokanso kambirimbiri, moti ndinkalidziwa bwino kuposa nkhope ya mwana wanga Yankho, amene anabadwa ine nditachoka ndipo ndinkangomuona pafoni.

Chakumapeto kwa 2014 kasitomala anapezeka. Anali mkulu wina wopuma pantchito, a Hennie, amene anaona bokosilo litaima pakona tsiku limene anabwera kudzaikitsa thoba. Ankafuna kuyenda nalo m'mapiri ndi m'zipululu, ndipo anati likawasangalatsa auzanso anzawo. Deon anatiitana pakhomo la wekishopu.

"Madalayu akalilandira, pakati pa Disembala titseka, aliyense kwawo. Akalikana, pano palibe Khirisimasi."

Sindinamve mbali yachiwiri ya mawuwo, ndinangomva yoyamba. Tsiku lomwelo ndinaimbira amake Yankho kuti chaka chino ndikubwera ndithu. Iwo anafunsa kuti, "Ndimuuze mwanayu, kapena ndidikire?" Ndinati amuuze. Ndinagula thumba lalikulu lamizeremizere lija, n'kuyamba kuponyamo tinsapato ndi timalaya tosadziwa n'komwe ngati timukwana.

Masabata otsatira tinkangotsegula ndi kutseka. Bedi linkaima chilili kumbuyo kwa bokosi, litagwidwa ndi mapini awiri, ina kumanzere ina kumanja. Ine ndinkasolola yanga, abambo Mbewe yawo, n'kulitsitsa pamodzi, aliyense n'kukankha mwendo wa mbali yake ndi phazi. Tinafika pozolowerana moti sitinkalankhulanso. Deon akafuna kutsegula, amene ali pafupi ankangogwira mbali inayo osauzidwa. Zinkayenda bwino kwambiri, mpaka Deon ankaimba kamluzu.

A Hennie anabwera Loweruka lina kumapeto kwa Novembala, kukutentha kuyambira m'mawa. Anali munthu woonda, wa chipewa chotambalala, wolankhula motsitsa. Tinakweza bokosi pathoba ya galimoto yawo, kumanga bawuti, kulumikiza magetsi, n'kuyesa mabuleki ndi maindiketa. Deon anakwera nawo, ife tinatsatira pabaki mpaka kunja kwa mzinda, kumsewu wafumbi wamabampu.

Maso anga anali pabokosi njira yonse. Silinagwedere. Potsika pakamtsinje kouma silinakhule pansi. Titaima pabwalo lina lamiyala, a Hennie anatsegula kabati, kupaka chala m'kati, n'kuchiyang'ana: fumbi munalibe. Mumtima ndinali nditakwera kale basi, ndikudutsa pa Mwanza.

Kenako anayenda kupita kumene kuli bedi. Ine ndi abambo Mbewe tinasuntha nthawi imodzi, aliyense kumbali yake, monga mwa masiku onse. Mkuluyo anakweza dzanja.

"Ayi, imani uko. Kutchire ndimakhala ndekha."

Tinabwerera m'mbuyo. Anasolola pini yakumanzere. Bedi linapendekeka pang'ono, kulemera konse kunapita papini yakumanja, ndipo inakanirira. Anazungulira, kuikoka, osatheka. Anabwezera yakumanzere, n'kuyamba ndi yakumanja, zomwezo. Anatambasula manja kuti agwire zonse ziwiri, koma bokosi linali lalikulu kuposa mikono ya munthu.

Mkuluyo sanali wogonja msanga. Anatsamiritsa phewa pabedi, kulikankhira m'kati, n'kusolola pini imodzi, kenako anasendera pang'onopang'ono phewa lili pomwepo mpaka anafikira inayo. Itatuluka, bedi lonse linamugwera. Analilandira ndi phewa ndi mutu, chipewa chinagwa, maondo anapindika. Tsopano ankafunika kutsitsa miyendo, koma miyendo inali kumakona, iye ali pakati. Kusiya sakanatha, kupitiriza sakanatha. Anangoima pamenepo, nkhope itafiira, akupuma movutika.

Sindinaonepo chinthu chovuta ngati kuima manja lende pamene munthu wamkulu akulimbana ndi katundu pamaso pako. Ife tinaleredwa kuti ukaona wamkulu wanyamula, umathamanga kukalandira usanapereke n'komwe moni. Miyendo yanga inkafuna kupita yokha. Deon anatambasula mkono kutitchinga, akuyembekeza kuti mwina mkuluyo apeza njira. Abambo Mbewe ankang'ung'udza, akusisita manja pa ovololo.

"Hayi, baas, munthu afa uyu!"

Anakankha mkono wa Deon n'kukagwira bedi, ine n'kugwira mbali inayo. Linatsika bwinobwino, miyendo inaponda, chinsalu chinadzuka, tenti inaima yokongola pakati pa miyala. A Hennie anatola chipewa chawo, kuchikuntha fumbi, n'kukhala pamwala. Sanakalipe. Mwina akanakalipa zikanapepuka.

"Ntchito yanu ndi yabwino," anatero atapuma. "Koma mwapangira anthu awiri. Mkazi wanga anamwalira chaka chatha."

Tinapinda tenti, kubwerera ku Marlboro, n'kutsitsa bokosi pagalimoto yawo. Anati tikalikonza tiwaimbire, iwo sathamangira kwina. Galimoto itangotuluka pachipata, Deon anaponya sipanala kukhoma.

"Miyezi yonseyi! Palibe ngakhale mmodzi anatsegulapo yekha?"

"Inunso simunatsegulepo nokha, baas," anatero abambo Mbewe mofatsa. "Nanga munthu akunyamula, iwe uli pomwepo, ungoyang'ana? Kwathu kulibe zimenezo."

Deon ankadziwa kuti n'zoona. Iye mwini analitsegula kosawerengeka, ndipo nthawi zonse dzanja lina linkafika mbali inayo iye osazindikira n'komwe. Tinayeza kulemera, kutentha, fumbi, kugwedera, koma manja athu omwe ndiwo anabisa vuto lalikulu. Tinkati mutu umodzi susenza denga, osadziwa kuti denga ili tikupangira mutu umodzi.

Anatenga choko, n'kugwada pasimenti. Ndinadziwa tanthauzo lake asananene.

Kuimbira foni amake Yankho ndinazengereza mpaka Lamlungu masana, titaweruka kutchalitchi. Ndinafotokoza zonse mwatsatanetsatane, mapini, phewa la mkuluyo, ngati kuti kufotokoza bwino kuchepetsa mlandu. Amake Yankho anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye mukutsalira kuti mzunguyo asamavutike yekha."

"Ndi ntchito, amake Yankho. Ndikaisiya apa sindiipezanso."

"Ndamva. Konzani, asavutike."

Sanakweze mawu. Ndinafunsa kuti mwana amuuza chiyani, anati aona okha. Nditadula foni ndinakankhira thumba lija kunsi kwa bedi kuti ndisamalione.

Disembala wa ku Marlboro ndi wosungulumwitsa. Mafakitale onse atseka, misewu ili zii, agalu a alonda okha ndiwo akuuwa. Ku Zandspruit anzanga ankakweza katundu pangolo za mabasi, akundipatsa moni wa chisoni, ena n'kundifunsa ngati ndili ndi kalikonse kotumiza. Ife atatu tinatsala ndi bokosi lathu. Tinachotsa mapini aja n'kuika chogwirira chimodzi pakati, cholumikiza ndi timitengo tachitsulo tiwiri, kuti ukachipotoza mbali zonse zimasuke nthawi imodzi. Thabwa la bedi tinalichotsa n'kuika aluminiyamu yomanga ndi marivete. Tinasuntha mahinjesi. Tinaika mashoko a gasi, onga aja amakankha chitseko chakumbuyo kwa galimoto, kuti bedi lizitsika pang'onopang'ono. Oyamba anali amphamvu kwambiri, bedi linkakana kutsika. Achiwiri anali ofooka. Ogulitsa anali atatseka, ndiye tinayendayenda m'malo ophwasula magalimoto mpaka tinapeza oyenera. Miyendo tinaipanga kuti izigwa yokha n'kudzikhoma.

Deon anakhazikitsa lamulo latsopano. Anajambula mzere wa choko kuzungulira bokosi, ndipo poyesa ankalowamo munthu mmodzi yekha. Enafe tiime kunja kwa mzere, manja kumbuyo. Abambo Mbewe ankavutika nalo lamuloli kuposa tonse. Ankachita kugwira lamba wawo kumbuyo ndi manja onse awiri, akudandaula kuti pa ukalamba wawo akuphunzitsidwa mwano. Tinayesa ndi dzanja limodzi, tinayesa galimoto itaima potsetsereka, tinayesa titathira madzi kuti chogwirira chiterere. Tsiku lina tinaitana mayi wogulitsa magwinya, mandasi a kumeneko, pakona kuti atsegule ife osamuuza kalikonse, ndipo pamene anakakamira tinakonzanso pomwepo.

A Hennie anabweranso mu Januwale. Tinaima kunja kwa mzere. Anapotoza chogwirira ndi dzanja limodzi, bedi linatsika lokha mofatsa, miyendo inagwa n'kulira kuti kha, tenti inadzuka. Anatseka, kutsegulanso, n'kutsekanso. Anatigwira chanza aliyense, n'kunyamuka nalo. Ndinkayembekeza kuti ndisangalala, koma ndinangomva kutopa. Ndinakhala patayala lakale n'kuvula magolovesi, ndipo pambuyo pake tinayamba kukonza ngolo ya munthu wina imene inkatidikira.

Mabokosi ena tinapanga ndithu m'zaka zotsatira, ndipo chimene ndinatola pamenepo ndimachisungabe. Chinthu sichinathe ngati chikuyenda m'manja mwa amene anachipanga okha. Mmisiri amadziwa pogwira, amadziwa pokankha, amanyamulira pang'ono osazindikira, ndipo mnzake amamulandira asanapemphe. Mwini wake kumene akupita nachoko kulibe zonsezo. Mpaka lero ndikapanga geti, kapena chilichonse chotseguka, ndimauza mwini wake kuti atsegule yekha, ine nditaima patali manja kumbuyo. Ena amandiona ngati wamwano, ndipo sindiwatsutsa.

Kwathu ndinapita pa Pasaka chaka chimene a Hennie anatenga bokosi lija, Deon atandipatsa masiku ochepa. Ndinafika masana, thumba lija lili pamutu. Amake Yankho anali akuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu, mwana akuwatsatira pambuyo. Titapatsana moni ananditsogolera kunyumba. Chitseko cha nyumbayo ndinachipanga ndekha ndisananyamuke, cholemera monga tinkapangira ku Limbe. Ndinaona akulowetsa phazi kunsi kwake, kuchinyamulira m'mwamba, n'kuchikankha ndi ntchafu, dzanja limodzi lili pandowa. Anachita mosaganizira, monga munthu amene wachita zimenezo tsiku lililonse kwa zaka. Hinjesi yakumwamba inali itagwa kalekale, ndipo pansi panali patakumbika kanjira.

Tinsapato tija tinamuchepera Yankho. Anatilandira ndi manja awiri monga anamuphunzitsira, n'kukabisala kumbuyo kwa chitenje cha mayi ake.

M'mawa mwake ndinabwereka makina kwa mmisiri wa pamsika, ndinagula mahinjesi atsopano, n'kugwetsa chitsekocho pabwalo. Mwanayo anakhala pakhonde akundiyang'anitsitsa ndikudula, ndikuyeza, ndikuwotcherera. Ndinkamuuza kuti asayang'ane moto, iye n'kubisa nkhope, kenako n'kusuzumiranso. Nditachipachika ndinaitana mayi ake kuti ayese okha, ine n'kuima patali. Anachikankha ndi chala chimodzi, chinatseguka osalira.

Yankho anawakoka chitenje, n'kufunsa monong'ona koma ine ndikumva.

"Amayi, abambo awa amaliza. Ndiye azipita?"

Mayi ake anangoyang'ana ine. Tikiti yobwerera ku Joni inali kale m'thumba la malaya anga.